Pemphero la Msilikali pa Bwalo la Mpira

Pamene nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inatha mu 1945, mpira wa miyendo m'dziko la Nyasaland, limene lero ndi Malawi, unkakulira m'sukulu za mishoni, m'matauni ndi m'misasa ya asilikali a King's African Rifles, amene anamenya nkhondo ku Moyale mu 1940 ndi ku Burma mu 1944. Ubale wa usilikali ndi mpira ukadalipo mpaka lero, popeza mu ligi yaikulu ya dziko lino mwasewera Moyale Barracks ya ku Mzuzu, Red Lions ya ku Zomba, Kamuzu Barracks ya ku Lilongwe, imene inatenga ligi mu 2016, komanso MAFCO, timu ya koleji yophunzitsa asilikali ku Salima, yomwe yakhala ikulandirira alendo ake pa bwalo la Chitowe ku Dwangwa.

Matimu otere amautsa funso limene okhulupirira ambiri amalizemba. Woyimbira asanalize wezulo, anyamata a mbali zonse ziwiri amagwirana mapewa ndi kuweramitsa mitu, Akhristu ndi Asilamu m'bwalo limodzi, ndipo gulu lililonse limapempha Mulungu yemweyo chinthu chimene sichingaperekedwe kwa onse awiri. Abraham Lincoln anaona vuto lomweli mu 1865, nkhondo yapachiweniweni ya ku America ili pafupi kutha, pamene anakumbutsa anthu ake kuti mbali zonse zinkawerenga Baibulo limodzi ndi kupemphera kwa Mulungu mmodzi, iliyonse ikupempha thandizo logonjetsera inzake. Ngati Mulungu amayankha pemphero la opambana okha, ndiye kuti ali ndi tsankho. Ngati sayankha la aliyense, ndiye kuti kuwerama kuja ndi mwambo wopanda kanthu m'kati.

Anthu a m'mphepete mwa nyanja ku Salima amadziwa pemphero la mtundu wina. Msodzi wa ku Senga Bay amene akukankhira bwato m'madzi madzulo amapempha kuti mwera usamupeze pakati pa nyanja ndi kuti khoka la chilimira libwere ndi usipa, ndipo pempho lakelo silifuna kuti mnzake abwerere chimanjamanja, pakuti mabwato onse akhoza kudzaza usiku umodzi. Pa chilumba cha Mbenje, chimene Mfumu Makanjira imatseka chaka ndi chaka kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo, nsembe yotsegulira usodzi imaperekedwa m'malo mwa asodzi onse pamodzi. Pemphero la wosewera mpira silingafanane ndi limeneli, chifukwa chigoli chimene iye akupempha chiyenera kulowa mu ukonde wa munthu wina amene nayenso wagwada.

Komabe, kulakwa kwa funsoli kuli poyesa mpira ngati nkhondo, ndipo palibe amene angakuone kulakwaku bwino kuposa msilikali. Pa nkhondo, cholinga ndi chakuti mdani asadzukenso. Ligi, ndiko kunena mpikisano umene matimu 16 amakumana onse kawirikawiri, kamodzi kwawo ndi kamodzi koyenda, mpaka iliyonse itasewera masewero 30, ndi pangano lakuti wogonja lero adzabweranso m'chigawo chachiwiri ali wamoyo, ali ndi mphamvu, ndipo adzalandiridwa pa chipata. Timu imene ingafafanize anzake onse yadzipha yokha, pakuti ilibenso woti isewere naye. Johan Huizinga, katswiri wa mbiri wa ku Netherlands, anafotokoza m'buku lake la 1938 lotchedwa Homo Ludens kuti masewero amachitika m'malire a malo ndi nthawi amene osewera amavomera mwaufulu, ndipo kunja kwa malirewo udani wa m'bwalo ulibe mphamvu. Chotero pemphero loona la wosewera, ngakhale iye asalitchule ndi pakamwa, limamuphatikiza mdani wakeyo: kuti afike bwino pa msewu wautali wa m'mbali mwa nyanja, kuti asathyoke mwendo, kuti asewere ndi mphamvu zake zonse, popeza kupambana munthu wofooketsedwa si kupambana konse.

Apa ndi pamene nkhani ya mankhwala imasiyana ndi pemphero, ngakhale ena amati zonsezi n'chimodzimodzi. Matimu amene amakana kulowera pa chipata, nalumpha mpanda poopa kuti eni bwalo atsirika njira, ndiponso ochemerera amene amakwirira zithumwa pa golo, abwezera maganizo a nkhondo m'malo amene anapatulidwa kuti mukhale mtendere. Chithumwa sichipempha, koma chimalamula, ndipo chimene chimalamula ndi chakuti miyendo ya mwana wa munthu wina ilemere. N'zomvetsa chisoni kuti anthu omwewo amene anagwada poyera ndiwo amatuma munthu kwa sing'anga usiku.

Patsala chinthu chimodzi chimene maganizo onsewa sachithetsa mosavuta. Ligi ikamatha, matimu atatu a pansi amatuluka, ndipo kutulukako sikuwawa mofanana kwa onse. Wosewera amene ali msilikali amabwerera ku ntchito yake ndipo malipiro ake a pamwezi sadalira zigoli, pamene mnyamata wa timu ya anthu wamba yopanda kampani yoithandiza amadyetsa banja ndi kandalama kamene amalandira akapambana. Pamene mnyamata ameneyu apempha chigoli, akupempha ufa ndi fizi ya mng'ono wake, ndipo wophunzira za umulungu amene angamudzudzule kuti pemphero lake ndi lodzikonda ayenera kuyamba wafunsa chifukwa chimene chakudya cha banja lonse chinamangiriridwa ku mphindi 90 za Loweruka masana.