Mlandu wa Goloboyi

Madzulo a Lolemba, pa 18 Januwale 2010, amuna ambiri a kuno ku Thuchila tidaŵeruka msanga kumunda. Udzu unali utatipambana m'chimanga, koma makasu tidaakoleka, nkukadzazana m'kanyumba koonetsamo kanema pamsika. Timu ya dziko lathu, Flames, inkaseŵera ndi Mali mumzinda wa Cabinda ku Angola, pa mpikisano wa chikho cha maiko a mu Africa. Kuyambira 1984 Malaŵi anali asanapondekonso ku mpikisano umenewu, ndipo mitima yathu inali m'mwamba.

Mphindi yoyamba isanathe, goloboyi wathu, Swadick Sanudi, pofuna kuchotsa mpira pafupi ndi golo, adaumenya molakwika, ndipo udakagwera kwa Frédéric Kanouté. Mkuluyo sadazengereze, adaubweza ali patali, nuloŵa. Pa mphindi yachitatu Seydou Keita adaonjeza chigoli chachiŵiri. Ena mwa ife tinali tisanapeze ndi pokhala pomwe. Maseŵerawo adatha 3 kwa 1, anyamata athu nkumanga katundu wobwerera kumudzi.

Zimene zidalankhulidwa m'kanyumba muja sindingazilembe zonse pa tsamba loŵerenga ana ndi amai. Koma mau amodzi ndiyenera kuwatchula, chifukwa adatuluka pakamwa pa ine mwini. Ndidaimirira nkufuula kuti, "Wagulitsa ameneyu! Wadya za eni!" Anthu adaombera m'manja, ine nkumva kukoma. Umboni ndinalibe ndi pang'ono pomwe, ndipo mpaka lero ndilibe. Ndidanamizira munthu mlandu wa chiphuphu pamaso pa gulu, chifukwa phazi lake lidaphonya kamodzi.

Funso limene lakhala likundisautsa kuyambira pamenepo ndi ili: kodi munthu woseŵera pamaso pa anthu, amene amalandira malipiro ndi ulemu chifukwa cha ife ochemerera, tili ndi ufulu womunena mpaka pati?

Ndiyambe ndi kuvomereza kuti ufuluwo ulipo. Akuluakulu adati wolira samugwira pakamwa. Munthu amene wasiya khasu, nalipira khobidi lake pakhomo, kapena wagula mabatire a wailesi m'malo mwa sopo, sali mlendo pa maseŵerawo. Timu ya dziko imavala mbendera yathu ndipo imayendera ndalama za misonkho yathu. Woseŵera mpira ali ngati mmisiri womanga nyumba: khoma likapendama, mwini nyumba ayenera kunena kuti lapendama, ndipo mmisiri wanzeru amamva nakonza. Mtolankhani amene angalembe kuti Sanudi adachotsa bwino mpira uja ndi wabodza. Chikondi sichitiuza kuti choipa tizichitcha chabwino. Ngakhale mphunzitsi wa timu amaunjika anyamata ake maŵa lake nawaonetsa pamene adaphonya, nthaŵi zina ndi mau oŵaŵa.

Komatu kunena kuti khoma lapendama ndi kwina, kunena kuti mmisiriyo ndi mbala ndi kwinanso. Koyambako nkuweruza ntchito imene maso athu aona. Kwachiŵiriko nkuweruza mtima umene sitidauone. Tonse tidaphunzira pa katekisimu kuti lamulo lachisanu ndi chitatu limaletsa kuganizira mnzathu zoipa popanda chifukwa chokwanira, ndiponso kumuipitsira mbiri pomunamizira. Sindikumbuka kuti aphunzitsi athu adatiuza kuti lamulolo limapuma Loŵeruka masana mpira ukayamba. Koma umo ndi m'mene ambirife timakhalira. Bambo amene sangayerekeze kutukwana mnansi wake pa mpanda, amatukwana mwana wa eni pa bwalo la mpira, natchula ndi mai ake omwe, kenaka nkubwerera kunyumba mtima uli mbee, ngati wangochokera kokaona dimba.

Taonani m'mene chilungamo chathu chimapendamira. Sabata imodzi yokha m'mbuyo mwake, pa 11 Januwale, timu yomweyo idagonjetsa Algeria 3 kwa 0 ku Luanda, Sanudi yemweyo ali pagolo, osaloŵetsa ndi chimodzi chomwe. Usiku umenewo tidavina mumseu mpaka agalu adatopa kuuwa. Ndipo chigoli choyamba, chimene adamwetsa Russel Mwafulirwa, chidabwera chifukwa cha kuphonya kwa goloboyi wa Algeria, Faouzi Chaouchi. Kuphonya kwa mwana wa eni tidakutcha luso la anyamata athu. Kuphonya kwa mwana wathu tidakutcha kugulitsa dziko. Masiku asanu ndi aŵiri okha adakwanira kusandutsa ngwazi kukhala chigaŵenga, munthuyo ali yemweyo, manja ndi miyendo zili zomwezo.

Nanga chifukwa chiyani mlandu umakonda kugwera goloboyi? Si chifukwa chakuti iye ndiye amalakwa koposa anzake. Womwetsa zigoli angaphonye kasanu, nkumwetsa kamodzi, ndipo timamunyamula pa mapewa. Woseŵera pakati akataya mpira, pali anzake kumbuyo omukwirira cholakwacho. Koma kumbuyo kwa goloboyi kuli ukonde wokha. Iye angatchinge mipira khumi, koma umodzi umene wamupulumuka ndi umene umalembedwa pa bolodi, nuulutsidwa pa wailesi, nubwerezedwa pa kanema mpaka ndi mwana yemwe auloŵeza. Mpira usanafike kwa iye umakhala utadutsa anthu khumi, koma maso athu amangoona wotsiriza. Mutu umodzi susenza denga, timatero pomanga nyumba. Koma denga likagwa timafuna mutu umodzi woti tiusenzetse.

M'buku la Levitiko, mutu 16, timaŵerenga za mwambo wa Aisraele pa tsiku lopepesera machimo. Wansembe ankasanjika manja pa mutu wa mbuzi yamoyo, naulula pa iyo zolakwa za mtundu wonse, ndipo mbuziyo ankaipirikitsira ku chipululu. Anthu ankabwerera kwao atapepukidwa. Ndikamaganiza za usiku uja ndimaona kuti ifenso tinkafuna mbuzi yotere. Chimene chinkatiŵaŵa sichinali chigoli chokha ai. Munali ngongole ya feteleza, munali mtengo wa nandolo, munali manyazi a dziko laling'ono limene limatchulidwa kunja pa nkhani za njala zokhazokha. Zonsezi tidazisenzetsa mnyamata mmodzi wovala magolovesi. Koma Aisraele ankadziŵa kuti machimowo ndi ao, ndipo ankagwiritsa ntchito chiŵeto. Ife timagwiritsa ntchito munthu, nkumakhulupirira kuti zolakwazo ndi zakedi.

Kumene njira imeneyi imathera, maiko ena adakuona. Pa 16 Julaye 1950, Brazil idagonja 2 kwa 1 ndi Uruguay pa bwalo la Maracanã, pamaso pa anthu oposa 170,000, nitaya chikho cha dziko lonse pakhomo pake. Mlandu udagwera goloboyi, Moacir Barbosa, ndipo adausenza mpaka imfa yake mu 2000. Ali nkhalamba ankadandaula kuti kwao chilango chachikulu cha m'ndende ndi zaka 30, koma iye walangidwa zaka zoposa pamenepo pa mlandu umene sadapalamule. Ku Colombia zidafika pa mwazi: Andrés Escobar, amene adadzimwetsa chigoli mwangozi pa mpikisano wa 1994, adaomberedwa ndi mfuti ku Medellín pa 2 Julaye chaka chomwecho. Tisafulumire kunena kuti ife Amalaŵi sitingafike pamenepo. Miyala imene imaponyedwa m'mabwalo athu, ndi oimbira mpira amene amatuluka atazingidwa ndi apolisi, ndi ana a mau omwe aja.

Anzathu a nyuzipepala ndi wailesi ali ndi udindo wokulirapo, chifukwa liu lao limafika kutali kuposa langa la m'kanyumba ka kanema. Kale, pamene wailesi inali imodzi yokha ya MBC, tinkaona mpira ndi makutu, ndipo chimene muulutsi wanena chinali chomwecho. Lero mawailesi achuluka, aliyense amaimba lamya nkupereka chigamulo chake, ndipo pa Facebook munthu amatukwana atabisa nkhope ndi dzina lomwe. Kutchula dzina la woseŵera mmodzi nkosavuta, ndipo kumakoka omvera. Kovuta ndi kufunsa mafunso amene angasinthe zinthu. Ku Angola komweko, mphunzitsi Kinnah Phiri adadandaula poyera kuti timu yake idasoŵa bwalo lokonzekererapo isanakumane ndi eni dziko, amene adatigonjetsa 2 kwa 0 pa 14 Januwale. Monga zidadzaonekera, kungofanana mphamvu kamodzi pa maseŵera aŵiri otsirizawo kukadatha kusintha nkhani yonse. Kodi anyamata amakonzekera masiku angati? Malipiro ao amafika pa nthaŵi yake? Ndani amaphunzitsa magoloboyi achichepere m'maboma ngati Mulanje ndi Phalombe? Mafunso ameneŵa amakhudza anthu a maudindo, amene ali ndi pakamwa poyankhira ndi mphamvu zobwezera. Goloboyi alibe zimenezo, ndipo nchifukwa chake timamusankha. Kudzudzula kumene kumalumpha wamphamvu nkukagwera wofooka, ine sindikutcha kulimba mtima.

Wina adzati, "Iwo adasankha okha ntchitoyo, wofuna kutchuka alimbe khungu." Pali choona pamenepo. Amene saafuna kunenedwa asaime pagolo. Koma kulimba khungu kwa wonenedwa sikuyeretsa pakamwa pa wonena. Ndiponso kutchuka kumene timakunenaku nkwa masiku oŵerengeka. Pa mpikisano wa ku Cameroon, mu Januwale 2022, dziko lonse lidaimba dzina la goloboyi wachinyamata Charles Thom atatchinga Senegal osamwetsa, ndi la Gabadinho Mhango atamwetsa Morocco chigoli chochokera kutali pa 25 Januwale. Ndidakondwa nawo ngati aliyense, koma mumtima ndinkawamvera chisoni, podziŵa kuti pakamwa pomwe pakuwatamandapo ndi pomwe padzawalavule tsiku limene phazi lidzaterereke.

Komabe chimene chidanditsekula maso si nkhani za kutalizi. Patapita zaka zingapo chichitikire za ku Cabinda, panali mpikisano wa matimu a m'midzi pa bwalo lina la fumbi kuno kwathu, mphoto yake mbuzi ndi mayunifolomu. Pagolo pa timu ya mudzi wathu panali mnyamata wa zaka ngati 17, wamtali, waulemu, amene ankatchinga wopanda magolovesi. Mpaka ndime yotsiriza adatifikitsa ndi iye. Tsikulo, kutatsala pang'ono kuti mpira uthe, mpira wofooka udadumpha pa chibuma, nkumudutsa pakati pa miyendo.

Akuluakulu tidangoti kukamwa yasa. Amene adayamba kufuula anali ana aang'ono okhala kuseri kwa golo. "Wagulitsa! Wadya za eni!" Mau ake omwe aja, kamvekedwe kake komwe kaja. Pakati pa anawo panali mdzukulu wanga. Posakhalitsa achinyamata adalandira nyimboyo, ndipo adamuperekeza nayo mpaka kumseu. Chapafupi, pansi pa mtengo wa mango, mai ake a mnyamatayo ankagulitsa zitumbuwa. Sadayankhe kanthu. Adavundikira beseni lao ndi nsalu, zitumbuwa zisanathe, nasenza, nkumatsata mwana wao chapatali.

Usiku ndidamuitana mdzukulu wanga nkumufunsa kuti, "Kodi iwe udaona ndani akumupatsa ndalama mnzako uja?" Adandiyang'ana modabwa nati, "Palibe, agogo. Koma si mmene timanenera goloboyi akaloŵetsa?"

Maŵa lake ndidapita kwao kwa mnyamatayo. Ndidapeza mai ake akusinja, ndipo atandipatsa mpando ndidapepesa m'malo mwa mdzukulu wanga. Za ine mwini ndi za m'kanyumba ka kanema sindidazitchule, mtima udandichepera. Maiwo adandimvetsera mpaka kumapeto, nati, "Zikomo bambo, mwachita bwino kubwera. Koma anthu akufunsa kuti ndalamazo tagulira chiyani." Mnyamatayo sadatuluke m'nyumba.

Chaka chotsatira adapita ku Limbe kukafuna ganyu, ndipo ndimamva kuti mpira saseŵeranso. Timu ya mudzi wathu ilipobe. Loŵeruka lililonse anyamata amakangana za woima pagolo, ndipo kaŵirikaŵiri amaikapo amene wafika mochedwa.