Kodi mwini nthano angalakwitse nthano yake?

Munthu akalakwitsa kutalika kwa msewu wocokera ku Ulongwe kukafika ku Tete, timamutsutsa mosavuta, cifukwa msewuwo ulipo ndipo ungayezedwe. Nanga akalakwitsa za dziko limene kulibe, dziko limene analipeka iye mwini, tingamutsutse ndi ciyani? Funso limeneli likucokera kumene ambiri a inu simungaganizire: m'mikangano ya anthu okonda magemu, masewera aja a pa kanema ndi pa foni amene acinyamata athu amaweramirapo mpaka khosi kuuma. Akuluakulu, musatseke kabukuka msanga. Nkhaniyi ndi ya ku Japan ndi ku America, koma mukaimvetsa muona kuti si ya ana okha.

Mumzinda wa Kyoto, ku Japan, muli kampani yochedwa Nintendo. Inayamba mu 1889 ndi kupanga makadi osewerera. Mu 1986 inatulutsa gemu yochedwa The Legend of Zelda. Wosewera amayendetsa mnyamata dzina lake Link, amene amazungulira dziko lopeka la Hyrule kufuna kulanditsa Zelda, mwana wamkazi wa mfumu, m'manja mwa cilombo cochedwa Ganon. Gemuyo inakondedwa, ndipo pambuyo pake panatuluka magemu ena oposa 15 a nkhani yomweyo. Link ndi Zelda amabwerabwera, koma nthawi zambiri si anthu omwe aja. Zili ngati dzina la ufumu kwathu kuno: mwini wake akamwalira wina amalowa dzina, ndipo mibadwo imapitirira.

Anthu okonda magemuwa anayamba kuluka mbiri yake. Ndani anayamba, ndani anatsatira, nkhondo iti inacitika m'masiku a Link uti. Akasemphana amafuna woweruza, ndipo woweruza ndi eni ake: timabuku tobwera pamodzi ndi gemu, mabuku okhala ndi cidindo ca Nintendo, ndi tsamba la kampaniyo la pa intaneti. Zolembedwa kumeneko ndizo amati nkhani yovomerezeka. Vuto ndi lakuti woweruzayo sanena cimodzi.

Zina ndi zazing'ono. M'gemu yoyamba ija dzina la cilombo linalembedwa Gannon, ndi zilembo ziwiri za n, ndipo kenako linakhazikika kukhala Ganon. Palibe amene amasowa nazo tulo. Koma taonani iyi. Gemu yochedwa A Link to the Past inatuluka ku Japan mu 1991 ndi ku America mu 1992. Ganon asanasanduke cilombo anali munthu, dzina lake Ganondorf. Omasulira a ku America, polemba kabuku ka Cingerezi, anamuonjezera dzina laciwiri, Dragmire, limene m'kabuku ka Cijapani mulibe, ndipo m'magemu enieniwo silimveka. Dzinalo linagona zaka 25. Mu 2017 linatulukira mwadzidzidzi pa tsamba la Cingerezi la Nintendo, ngati dzina lenileni la munthuyo. Ena anati basi, mwini wake wanena. Ena anati ayi, amene analemba tsambalo anangotola za m'kabuku kakale kaja osafufuza.

Ina ndi yaikulupo. Kumapeto kwa 2011 kunatuluka buku lochedwa Hyrule Historia, limene linandandalika magemu onse monga mwa nthawi ya m'nkhani. Linati pambuyo pa Ocarina of Time, gemu ya 1998, mbiri inagawanika nthambi zitatu, ndipo m'nthambi imodzi Link anagonja. M'nthambi imeneyo bukulo linaika magemu awiri a Oracle, a 2001, patsogolo pa Link's Awakening ya 1993. Mu 2017 kunatuluka buku lina, Hyrule Encyclopedia, lokhala ndi cidindo comweco, ndipo linawatembenuza: Link's Awakening patsogolo, a Oracle pambuyo. Tsamba la Cijapani la Nintendo linatsata dongosolo laciwirili. Munthu amene anagula mabuku onse awiri ali ndi mboni ziwiri za m'nyumba imodzi zotsutsana.

Yankho loyamba limene limabwera m'mutu ndi lakuti mwini nthano sangalakwitse. Hyrule kulibe. Simungakwere basi kukafunsa agogo a kumeneko. Ciliconse cimene cili m'dzikolo ciliko cifukwa wina ananena kuti cikhaleko, ndiye akanena zina lero, zimenezo ndizo zoona za lero. Yankho limeneli si lopusa. Shigeru Miyamoto, mmodzi wa amene anayambitsa Zelda, ndiyenso anayambitsa Mario, gemu ina yochuka ya Nintendo. M'kabuku ka Super Mario Bros. 3 munalembedwa kuti adani asanu ndi awiri ochedwa Koopalings ndi ana a Bowser, mdani wamkulu wa Mario. Mu 2012 a Miyamoto anauza magazini ya Game Informer kuti m'nkhani ya tsopano iwo si ana ake, mwana wake ndi mmodzi yekha, Bowser Jr. Ndani akanawaletsa? Ana asanu ndi awiri anasiya kukhala ana ndi mawu a munthu mmodzi.

Koma onetsetsani zimene bamboyo anacita. Anati ndi mmene nkhani ilili tsopano. Sanati sinakhalepo mwina. Apa ndi pamene ine ndikusiyana ndi yankho loyamba lija, ndipo amene anandiphunzitsa kusiyanako ndi ana a pa bwalo madzulo. Wokamba nthano akati "Padangotero," omvera amayankha "Tili tonse." Tiyerekeze agogo anakamba dzulo kuti amene anagwera m'mbuna ndi Fisi, lero akubwereza nthano yomweyo n'kunena kuti ndi Kalulu. Ana amaphokosera nthawi yomweyo: "Iyayi agogo, dzulo munati Fisi!" Anawo sanapiteko kumene kuli mbunayo. Sakuyeza mawu a agogo ndi dziko la nyama zolankhula, akuwayeza ndi mawu a agogo omwewo a dzulo, amene iwo anawamva ndi kuwasunga. Agogo ali ndi ufulu wonena kuti lero ndikuikamba mwina. Alibe ufulu wonena kuti dzulo sindinatero, cifukwa dzulo lija si lopeka. Linacitikadi, ndipo panali mboni.

Ndiye nthano, ngakhale yopeka, ikakambidwa imakhala ndi cinthu coiyezera. Okonda Zelda amadziwa zimenezi, n'cifukwa cake sakhutira ndi cidindo. Amabwerera m'magemu momwemo. Wina amati: kumapeto kwa magemu a Oracle timaona Link akucoka pa bwato, ndipo Link's Awakening imayamba ndi bwato losweka ndi mkuntho, ndiye buku loyamba linalondola. Mnzake amati: nanga bwanji m'magemu a Oracle Zelda akudzichula dzina kwa Link ngati sanaonanepo, cikhalireco buku loyambalo likuti ndi Link yemwe uja anamulanditsa kale? Onse awiri akuloza zimene aliyense angakaone yekha. Kumeneku ndi kuzenga mlandu kwenikweni, ndipo ndikanakonda mikangano ina ya pa bwalo la mfumu ikanamayenda ndi umboni wotere.

Palinso cina cimene yankho loyamba lija limabisa. Tikamati "mwini," tikunena ndani? Kampani si pakamwa pamodzi. Opanga magemu ali ku Kyoto. Omasulira ambiri a Cingerezi ali ku Redmond, ku America. Buku la 2011 linasindikizidwa ndi Shogakukan, la 2017 ndi Tokuma Shoten, ndipo a Cingerezi ake anatulutsa ndi Dark Horse. Tsamba la pa intaneti amalemba ndi anchito ena, amene mwina gemu yoyamba ikutuluka anali asanabadwe. Manja ndi ambiri, cidindo ndi cimodzi. Wowerenga akaona cidindo amaganiza kuti walankhula ndi a Miyamoto, pamene mwina walankhula ndi munthu wotopa amene anauzidwa kuti amalize nchito pofika Lacisanu.

Zimene zinacitika mu 2018 zikuonetsa bwino kumene zimenezi zimafikitsa. Caka cimeneco Dark Horse inatulutsa m'Cingerezi buku lofotokoza za magemu a Mario. Posapita nthawi owerenga anazindikira kuti maina ena a tizilombo ta m'magemuwo anatengedwa ku Super Mario Wiki, nkhokwe imene amalemba ndi okonda gemu okhaokha. Ena mwa mainawo anali ongopeka okonda gemuwo, poyembekezera kuti tsiku lina adzapeza enieni. Taganizirani kuzungulira kwake. Munthu wamba wapeka dzina, akudziwa kuti wapeka. Buku la cidindo lalitola. Mawa munthu wina adzati dzinali ndi loona cifukwa lili m'buku la eni ake. Congoganizira casanduka coonadi popanda wina aliyense kunama mwadala. Ine cimene cimandiopsa ndi cimeneci, kuposa bodza lenileni, cifukwa wabodza amadziwa poti akabweze mawu, koma apa aliyense amaloza mnzake.

Nchito yanga ndi ya pa wailesi ya m'dera, ndiye ndimadziwa kulemera kwa mawu akuti "anena pa wailesi." Mawu amenewa amathetsa mkangano pa cigayo ndi pa mjigo. Womvera amamva liwu limodzi. Sadziwa kuti woulutsa akuwerenga pepala limene analemba wina, amenenso anamva kwa wacitatu pa foni yodukaduka. Inunso a m'malire mukudziwa za citupa. Kalembera akalemba dzina monga khutu lake lamvera, kapena akayerekeza caka cobadwa poyang'ana nkhope, pepalalo limadindidwa, ndipo kuyambira tsiku limenelo mwini dzina ndiye amaoneka wolakwa. Amayenera kusaina monga pepala likunenera, ana ake n'kulowa dzina lolakwikalo. Mayi amene anabereka munthuyo alipo, akukumbukira kuti kunali njala kapena nkhondo caka cimeneco, koma alibe cidindo. Kusiyana kwake ndi kwakuti dzina la Ganondorf silimanitsa munthu nchito kapena sukulu. Njira imene colakwa cimalowera ndi kukhazikika ndi yomweyo.

Komatu sindikunena kuti gulu sililakwa. Ana a pa bwalo aja nthawi zina amakumbukira zimene agogo sananene. Okonda magemu nawonso amafuna mbiri yosalala imene opangawo sanailonjeze kwenikweni. A Miyamoto ndi a Eiji Aonuma, amene akhala akutsogolera magemu a Zelda kwa zaka zambiri, anenapo kangapo kuti amayamba ndi kaseweredwe, nkhani imabwera pambuyo. Hyrule Historia nalonso linacenjeza kuti ndandanda yake ingadzasinthe. Munthu angati: ndiye mukudandaula ciyani, poti anakuuzani? Ndikuvomera theka lake. Cenjezo limapatsa mwini ufulu wosintha. Silimupatsa ufulu wosasamala, ndipo silimupatsa ufulu wosintha mwakacetecete. Amene watenga ndalama za anthu powalonjeza kuti buku ili ndilo lothetsa mikangano wasenza udindo, ngakhale nkhaniyo ikhale ya zilombo zopeka.

Pa mfundo ya kusintha mwakacetecete, tsamba la pa intaneti ndi loopsa kuposa buku. Buku la 2011 likadali m'nyumba za anthu, ndipo aliyense angaliike pambali pa la 2017 n'kuona pamene asiyana. Ngakhale m'kaundula wa pepala, kalembera akakonza dzina pamatsala mzere wodula, ndipo wobwera pambuyo amadziwa kuti panali cina. Tsamba la pa intaneti lingasinthidwe usiku, m'mawa n'kuoneka ngati linali conco ciyambire. Wokumbukira zakale amayamba kudzikayikira yekha. N'cifukwa cake okonda magemu amajambula masamba amenewa ndi kusunga zithunzi zake, khalidwe limene anthu ena amaliseka. Ine sindiliseka. Akucita zimene ana aja amacita pokuwa kuti dzulo munati Fisi. Cimene ndikanapempha kwa aliyense wogwira cidindo, kaya ku Kyoto kaya kuno, ndi caching'ono: ukasintha, nena kuti wasintha, ndipo usiye poonekera zimene zinalipo kale.

Mu 2017 munatulukanso Breath of the Wild, gemu imene inagulidwa kuposa magemu onse a Zelda a m'mbuyo mwake. Anthu anafunsa nthawi yomweyo kuti ili m'nthambi iti mwa zitatu zija. Caka cotsatira tsamba la Cijapani la Nintendo linaiika kumapeto kwa ndandanda, payokha, osailumikiza ku nthambi iliyonse. Ambiri zinawanyansa, anati kampani ikuthawa funso. Ine ndikuona kuti pamenepo eni ake anacita bwino kuposa pa Dragmire, cifukwa anasiya mpata m'malo moudzaza ndi congotola. Ndipo okonda gemuyo sanasowe cocita. Anabwerera m'gemu momwemo. Wina akuloza mtundu wa anthu a mapiko wochedwa Rito, umene unaonekera koyamba mu The Wind Waker, n'kumati ndi nthambi imeneyo. Wina akuloza mawu a Zelda pa mwambo wodalitsa Link, amene akukumbutsa za Twilight Princess, gemu ya nthambi ina. Zonse ziwiri zilimodi, ndipo mlanduwo ukadali pa bwalo.