Bodza Lokoma Lakuti Amayi Satopa

Temu yatha ndinauza ana a Giredi 9 kuti alembe chimangirizo pa mutu wakuti "Munthu amene ndimamusirira". Ndinkaganiza kuti makope adzadzaza ndi Barbra Banda ndi Patson Daka. Koma ambiri analemba za amayi awo. Ndikuchonga usiku, ndinaona mawu atatu akubwerabwera, kope ili, kope linalo: "Amayi anga satopa." Ena anawadula mzere kunsi posonyeza kunyada.

Anawo sananame dala. Analemba zimene amaona. Ku Shikoswe, ku Nangongwe kaya ku Zambia Compound, mayi amadzuka tambala asanalire, nkukoleza mbaula, kufunditsa madzi a ana, kusita mayunifomu, kenako nkuthamangira minibasi ya ku Lusaka, ulendo wa makilomita pafupifupi 45. Wina ndi nesi, wina amagwira m'nyumba ya eni ake, wina amakagulitsa nsomba za mumtsinje wa Kafue. Pobwera kwada, ndipo mphika wa nsima ukudikira iye yemweyo. Mwana woona zimenezi tsiku ndi tsiku angaganizenso chiyani?

Funso limene landisowetsa mtendere kuchokera usiku umenewo ndi ili: kodi kupirira ndi khalidwe labwino nthawi zonse? Kapena pali kupirira kwina kumene timakutamanda chifukwa kumatipindulitsa ife oonerera?

Ndiyambe ndi kuvomereza. Munthu wa ku Kafue sanganyoze kupirira. Tauni ino inakula chifukwa cha mafakitale. Nitrogen Chemicals of Zambia ndi Kafue Textiles ankalemba anthu ambirimbiri, ndipo nyumba za ku Estates zinamangidwira antchito. Zinthu zitasintha m'zaka za m'ma 1990 ndi pambuyo pake, fakitale ya nsalu inatsekedwa, ya feteleza inachepetsa antchito, abambo ambiri anakhala pakhomo. Amene ananyamula dishi pamutu kupita kumsika anali amayi. Enafe tinaphunzira ndi ndalama za tomato, vitumbuwa ndi salaula. Mu 2024, chilala chitakula mpaka Pulezidenti Hakainde Hichilema kulengeza pa 29 February kuti dziko lili pa tsoka, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ngakhale kuti Kafue Gorge ili pafupi nafe. Amene ankadzuka pakati pa usiku magetsi akabwera, kuti asite ndi kutunga madzi, tonse tikuwadziwa. Popanda kupirira koteroko mabanja ambiri akanabalalika.

Koma pali kupirira kwa mitundu iwiri. Kwina ndi kwa munthu amene akuwoloka mtsinje: madzi ndi ozizira, koma tsidya akuliona, ndipo palibe amene angawoloke m'malo mwake. Kwina ndi kwa munthu amene wasenza thumba la ufa pamene anzake anayi akuyenda pambali pake manja lendelende, akumuombera m'manja kuti ndi wamphamvu. Koyambako ndi kulimba mtima. Kwachiwiriko ndi ulesi wathu umene tauveka chitenje cha ulemu. Si pachabe kuti kuno ukwati timautcha shipikisha kilabu, ndipo mtsikana pokwatiwa amamva kambirimbiri kuti banja ndi kupirira. Mnyamata ndi kangati amauzidwa kuti banja ndi kutsuka mbale?

Vuto lake ndi lakuti thupi silimva matamando. Munthu akakhala ndi nkhawa, thupi limatulutsa michere yotchedwa adrenaline ndi cortisol. Mtima umagunda msanga, magazi amathamanga, shuga amachuluka m'magazi kuti munthu athawe kapena alimbane ndi choopsa. Zimenezi nzothandiza ukakumana ndi galu wolusa, chifukwa galuyo akapita thupi limabwerera mwakale. Koma lendi, nkhongole ya pakantemba, mwana wodwala ndi bwana wokalipa sizipita. Thupi limakhala chilili ngati injini yosazimitsidwa. Tulo timasowa, mutu umawawa, khosi limauma, mtima umapsa msanga. Nkhawa si yokhayo imene imakweza BP, pakuti mchere wambiri, kunenepa ndi chibadwa cha kumtundu zilinso momwemo, koma imathira nkhuni pamoto. Ndipo BP yokwera kawirikawiri siichenjeza. Munthu amatha kukhala nayo zaka, akumwa mankhwala a mutu nkumapitiriza ntchito, mpaka tsiku limene dzanja ndi mwendo zidzakana.

Ndinaziona zimenezi kwa mayi wa mtsikana wina amene ndinkamuphunzitsa. Anagwa m'mawa akudikira basi, katundu ali pamutu. Moyo unapulumuka, koma mbali imodzi ya thupi inafooka. Anthu obwera kudzazonda ankangoti, "Koma mayi ameneyu sankadwaladwala." Ankadwala, kungoti sankanena. Chimene chinandipweteka koposa nchakuti katundu uja sanagawidwe. Anangochoka pamutu pa mayi nkutera pamutu pa mwana wamkazi wa zaka 15, pamene alongo ake awiri ankapitabe ku mpira. Anayamba kusinza m'kalasi, ndipo posakhalitsa ndinamva aneba akumutamanda kuti watengera amake, satopa.

Wina anganene kuti boma linaganizapo kale. Nzoona. Lamulo la Employment Code Act la 2019 limapatsa mayi woyembekezera tchuthi cha milungu 14, limapatsa mayi woyamwitsa ola limodzi patsiku kwa miyezi 6, ndipo mkazi aliyense wolembedwa ntchito ali ndi tsiku limodzi pamwezi lopuma osafunsidwa kalata ya dokotala, lija timalitcha Mother's Day. Abambonso ali ndi masiku 5 mwana akabadwa. Ndi lamulo labwino, ndipo mayi aliyense azilidziwa. Koma wogulitsa repu pamsika tchuthi akachipempha kwa yani? Akapuma, ndiwo zimafota. Nayenso wolandira malipiro a pamwezi, tsiku lakelo amalithera pa beseni akuchapa mabulangete. Lamulo lingauze bwana kuti amasule mayi, koma silingalowe m'khitchini mwathu. Mmenemo mumalamulira chikumbumtima.

Ndiye pano pali nkhani ya chilungamo. Kutamanda sikudula ndalama. Kuika chithunzi cha amayi pa WhatsApp ndi mawu okoma kumatenga mphindi imodzi, pamene kudzuka 05:00 kukoleza moto kumafuna kuti utaye tulo tako. Tikamati "amayi satopa", tadzikhululukira tokha: ngati satopa, nanga tiwathandizirenji? Choipa china nchakuti mawuwa amatseka pakamwa pa mayi. Munthu amene mudzi wonse wamuveka dzina la chitsulo anganene bwanji kuti lero sindikutha? Amachita manyazi, ngati kuti kutopa ndi tchimo.

Komatu kunena kumachiritsa. Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006. Agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi pafupi ndi kiliniki nkumamvetsera anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, ndiko kuganiza kwambiri. Wovutikayo amatchula mavuto ake, nkusankha limodzi loyamba kulimbana nalo. Ife benchi tili nalo kale: kutchalitchi, pachilimba, pakhonde madzulo. Chimene chimasowa ndi khutu losafulumira kunena kuti "limbani mtima, ndi mmene dziko lilili". Ndipo ngati amayi amakhoza kusonkherana ndalama pachilimba, angalephere kusonkherana nthawi, uyu kutenga ana a mnzake Loweruka lino, winayo Loweruka lamawa?

Kwa inu achinyamata, makamaka anyamata anzanga, ntchito yake si yapatali. Sankhani ntchito imodzi ya pakhomo ikhale yanu mpaka kalekale, osati yothandiza mukafuna. Amene amadikira kutumidwa sanachotse katundu yense, chifukwa kukumbukira ndi kutuma nakonso ndi ntchito. Perekezani amayi kukiliniki akapimitse BP ngakhale asakumva kuwawa. Nkwa mphindi zochepa, ndipo ikamapezeka pa 140/90 kapena kupitirira, achipatala adzawauza chochita. Akagona masana Lamlungu, musawadzutse chifukwa cha sokosi yosowa. Paja mutu umodzi susenza denga, ndipo mwambiwu sunapatule denga la kwanu.

Kwa inu amayi, kupuma sikuba. Ana anu adzapindula kwambiri ndi mayi amene anasiya mbale zigone zosatsuka kusiyana ndi mayi amene akumutembenuza pamphasa.

Pobweza makope aja sindinadule malikisi aliyense. Pansi pa mawu aja ndinangolemba ndi bolopeni yofiira kuti, "Ukawafunse." Patapita masiku awiri mnyamata wina anatsalira anzake atatuluka.

"Aphunzitsi, ndinawafunsa."

"Anati chiyani?"

"Poyamba anaseka. Kenako anati, 'Mwanawe, ndinatopa kalekale.' Ndiye anakhala pansi, ine nkuphika."

"Nsima inapsa?"

"Inali ndi mibulu," anatero akuyang'ana pansi. "Koma anadya."