Kutuluka M'tchalitchi Si Kutuluka M'mudzi

Atsibweni anga adasiya mpingo wa Seventh Day kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene alimi ang'onoang'ono adaloledwa kulima fodya wa bale. Mpingowu umaphunzitsa kuti fodya amawononga thupi, ndipo iwo sadafune kukhala ndi mitima iwiri. Adasankha chigafa, chifukwa kwathu kuno ku Kasungu fodya ndiye malata, ndiye fizi ya ana. Palibe adawathamangitsa. Adangoleka kupita, ndipo patapita zaka adayambanso kukayikira zambiri zomwe ankakhulupirira.

Chodabwitsa nchakuti mpaka lero, dzuwa likamalowa Lachisanu, amauza aganyu kuti asiye kusoka fodya. Loweruka sagwira khasu, ngakhale mabelo akhale akudikira ulendo wa ku okushoni ya Chinkhoma. Nkhumba sadya, mlamba sakhudza, fodya amene amalimayo sadamusutepo. Pa maliro a munthu wa mpingowo amayambirira kufika ndi thumba la chimanga, ndipo usiku pa siwa mawu awo a besi ndiwo amanyamula nyimbo.

Tsiku lina ndidawafunsa kuti, "Atsibweni, kodi chimenechi si chinyengo? Mudatuluka, nanga mukukakamiranji?"

Adaseka nati, "Mphwanga, ndidatuluka m'tchalitchi, koma anthu aja ndiwo adandiphunzitsa kuwerenga, ndiwonso adaika amayi anga m'manda. Ndiwatuluke bwanji?"

Yankho limeneli landisautsa kwa nthawi yaitali, ndipo ndaona kuti nkhaniyi si ya kwathu kokha. Ku America kuli mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, umene ambiri amautcha wa Mormon. Nawonso umaletsa fodya, mowa, tiyi ndi khofi, potsatira chiphunzitso chimene Joseph Smith adapereka m'chaka cha 1833. Ena mwa amene adausiya amadzitchabe a Mormon. Pa 24 Julaye amakondwerera limodzi ndi abale awo tsiku limene Brigham Young adafika m'chigwa cha Salt Lake m'chaka cha 1847, atatsogolera makolo awo pothawa mazunzo. Chiphunzitso adachikana, koma ulendo wa makolowo ngwawobe.

Ndiye funso nali: kodi munthu ali ndi ufulu wosunga mwambo wa chipembedzo chimene sachikhulupiriranso? Otsalira mu mpingo anganene kuti ameneyu akufuna kudya zipatso za mtengo umene adaleka kuuthirira. Anzake otuluka anganene kuti ndi wamantha, waopa kumaliza ulendo. Mbali zonsezi zili ndi mfundo, koma zonse zikuganiza kuti chipembedzo ndi chikhulupiriro chokha.

Ine ndikuona kuti chipembedzo chili ngati mudzi. Muli ziphunzitso, inde, komanso muli anthu, nyimbo, zakudya, kagawidwe ka masiku ndi manda. Chiphunzitso munthu angathe kuchiyesa ndi nzeru nkuchikana. Koma dzanja limene lidamugwira ali mwana sangalikane, chifukwa zimenezo zidachitika kale. Akuluakulu adati chibale ndi fupa, sichiola. Kuthokoza amene adakulera sikufuna kuti uvomereze zonse zimene adakuuza.

Chinyengo chikadakhalapo atsibweni akadamavala jekete Loweruka nkukakhala kutsogolo, kunamizira chimene mumtima mulibe. Iwo sabisa kuti adachoka, ndipo sapempha udindo uliwonse. Amangopereka chimene angathe kupereka moona: chimanga, mawu a besi, ndi tsiku limodzi lopuma kwa aganyu awo.

Mtengo wake ulipo. Ena mu mpingo amawayang'ana ngati nkhosa yotayika, ena kunja amawaseka kuti ndi mlimi wa fodya woopa Sabata. Kukhala pa khomo, osati m'kati kapena kunja, kumazizira. Komabe chaka chatha atadwala, oyamba kufika ndi phala m'mamawa adali amayi a Dorika. Sadawafunse za chigafa. Adangoti, "Mwadzuka bwanji, abale athu?"