Lilime la munthu woganizira ubwino wa Mulungu

Pa msika wa Milepa pali mayi ena a Chikhristu amene ndimagulako tomato ndikamachokera ku Swala ya Jumu'ah. Namondwe Freddy atakokolola minda mu Malichi 2023, chimanga chawo chinapita chonse. Nditawapepesa, anandiyankha kuti ana awo onse ali moyo, ndipo Mulungu ndi wabwino. Mawuwo sanandidabwitse, pakuti ifenso Asilamu Alhamdulillah sachoka pakamwa pathu. Chimene chinandigwira mtima ndi zimene mayiwo sananene m'miyezi yotsatira. Anzawo akamanong'onezana mayina a anthu amene akuti analembedwa kawiri m'kaundula wa thandizo, iwo ankangoti sanaone ndi maso awo, nkubweza nkhani ku mitengo ya tomato.

Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chake. Yankho limene ndafikapo ndi lakuti miseche imabadwa mwa munthu amene akudziona kuti wamanidwa. Wogona usiku akuwerenga malata a mnzake ndi mbuzi za mnzake amadzuka ngati wangongoletsa dziko lonse, ndipo popeza sangalande malatawo, amalanda mbiri ya mwini wake. Koma amene wazolowera kuwerenga zimene Mlengi wampatsa, mpweya, ana, dzanja logwira khasu, alibe ngongole yoti akatolere kwa anansi. Lilime lake limapuma.

Ife ndi Akhristu timasiyana pa zikuluzikulu, ndipo sindikufuna kuzibisa. Komabe pa nkhani ya lilime mabuku athu amachenjeza mofanana. Surah Al-Hujurat imaletsa kujeda, ndipo fanizo lake ndi lonyansa kotero kuti wolimva saliiwala. Mutu 3 wa Kalata ya Yakobo umadzudzula pakamwa pamene pamatamanda Mulungu kenako nkutemberera anthu. Choncho mayi aja sanandiphunzitse chachilendo. Anangondichititsa manyazi ndi chimene ndinachiphunzira kale ku madrasa.

Pali chitsutso chimene sindingachinyoze. Wina anganene kuti kuyamika kotereku ndi kumene kumanenepetsa akuba. Venda akamagula nandolo ndi sikelo yobera, mlimi nkungoti tithokoze Mulungu pa zochepazi, wapindula ndani? Ngati kuganizira ubwino wa Mulungu kumatseka pakamwa pa oponderezedwa, ndiye kuti ndi mankhwala ogonetsa tulo.

Boma lathu lomwe lino lili ndi yankho. John Chilembwe, amene anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe mu 1900, anali mbusa, ndipo mu 1914 analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akukafa pa nkhondo ya azungu imene sadzapindula nayo. Kupembedza sikunamutseke pakamwa. Ndipo ndi zomveka: wokhulupirira kuti Allah ndi wachilungamo ndiye amene sikelo yobera imamuwawa kwambiri, chifukwa akudziwa kuti mbewuyo ndi mphatso imene wina akuidula panjira. Chimene chimasintha ndi kumene mawuwo akulowera. Wojeda amalankhula mwini nkhani atachoka, kwa anthu amene sangakonze kanthu. Woyamika amamuuza mwini sikelo pamaso, kapena amapita kwa amfumu, nkhani ikatha nkuisiya pomwepo.

Mayi aja ndinawaonapo akutero. Mnyamata wina anawapatsa chenje chosakwana. Anamuitana, nkuwerenga naye ndalamazo poyera, iye nkubweza. Atachoka, anzawo anayamba kufukula za makolo a mnyamatayo, koma iwo anati zatha, wabweza.

Lachisanu lomwelo ndinali nditangotsiriza zikiri, tasbihi idakali m'dzanja, pamene ndinaima pakhonde la mzikiti ndi abale awiri kukambirana za banja la m'bale wachitatu amene sanabwere. Tinatha theka la ola, ndipo ndine ndinayambitsa.