Tikamva Mfuu Tinyamule Chiyani?

Pamudzi pakamveka mfuu usiku, munthu wamakhalidwe sapitiriza tulo. Amadzambatuka pamphasa n'kutuluka, podziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mwambo umenewu si wathu tokha. Azungu nawonso ali nawo, kungoti iwo m'zaka za m'ma 1960 anainyamula mfuuyo n'kuiika pa wailesi ya kanema kuti imveke dziko lonse nthawi imodzi. Ndikunena za mapulogalamu aja amene apolisi ankabwera nawo mlandu wowakanika, n'kuuyala pamaso pa anthu oonera, napempha kuti aliyense wodziwapo kanthu aimbe foni.

Ku Britain kunayamba kapulogalamu ka mphindi 5 kotchedwa Police 5 mu 1962, ndipo ankakaulutsa ndi Shaw Taylor. Mu 1967, ku West Germany, mtolankhani Eduard Zimmermann anayambitsa Aktenzeichen XY ungelöst pa kanema wa ZDF. Iye ankaitana anthu azisudzo kuti asewere zimene zinachitika tsiku la mlandu, kuti mwina woonera wina akumbukire galimoto kapena nkhope imene anaiona. A BBC anatengera nzeru imeneyi mu 1984 poyambitsa Crimewatch UK, imene Nick Ross ndi Sue Cook ankaulutsa kamodzi pamwezi. Ku America, mu 1988, kunabwera America's Most Wanted, ndipo woulutsa wake anali John Walsh, bambo amene mwana wake wa zaka 6 anabedwa n'kuphedwa mu 1981.

Kwathu kuno kanema wathuwathu anafika mu 1999, choncho ambirife mapulogalamuwa sitinawaone pa nthawi yake. Komatu zigawo zake zakale zili mbwee pa YouTube, ndipo ine ndine mmodzi wa anthu amene amakhala pansi n'kumaziona. Zithunzi zake n'zachimbuuzi, magalimoto ake anatha kale m'misewu, manambala a foni amene akuoneka pakanemapo sagwiranso ntchito. Ena mwa makolo amene akulira pamenepo anatsikira kulichete asanamve amene anawaphera mwana. Tsono funso limene limandivutitsa ndi ili: kodi n'chilungamo kusandutsa chisoni cha munthu kukhala chinthu choonera madzulo, ndi kusandutsa mtundu wonse kukhala maso a polisi? Nanga ife amene tikuonera lero, pamene palibe chimene tingathandize, tikufunapo chiyani?

Tiyambe ndi mbali yabwino, pakuti ilipo ndithu. Mu November 1971, ku Westfield m'chigawo cha New Jersey, munthu wina wowerengera ndalama, wopemphera kwambiri, dzina lake John List, anapha mayi ake, mkazi wake ndi ana ake atatu, kenako n'kuzimiririka. Zaka 18 zinadutsa. Mu May 1989, America's Most Wanted inaonetsa chosema cha mutu wake chimene katswiri wina, Frank Bender, anaumba poyerekeza mmene nkhope ya List ikanaonekera atakalamba. Mayi wina amene anakhalapo naye moyandikana anaizindikira nkhopeyo. Pasanathe milungu iwiri List anagwidwa ku Virginia, kumene ankakhala ndi dzina lina, atakwatiranso, akupitabe kutchalitchi. Anafera m'ndende mu 2008. Akuluakulu anati mlandu suola, ndipo apa mawuwo anapherezeka. Chimene apolisi anachilephera zaka 18, diso la mayi mmodzi linachitha usiku umodzi.

Munthu sangatsutse phindu lotere. Wapolisi sakhala paliponse, koma pamene pachitika choipa kawirikawiri pamakhala wina amene anaona kenakake, osadziwa kuti n'kofunika. Mutu umodzi susenza denga. Ndiponso banja loferedwa likaona nkhope ya mwana wawo pakanema limadziwa kuti dziko silinaiwale. Zimmermann yemweyo mu 1976 anali mmodzi wa amene anayambitsa bungwe la Weisser Ring lothandiza anthu ochitiridwa zaupandu. Sindikayika kuti ambiri mwa amene ankapanga mapulogalamuwa anali ndi mtima wabwino.

Komabe mfuu ili ndi khalidwe lake. Ikamveka, si onse amene amatuluka atanyamula nyali. Ena amatuluka ndi zibonga, ndipo mumdima aliyense wothamanga amaoneka wakuba.

Pa 15 July 1992, mayi wa zaka 23, Rachel Nickell, anaphedwa masanasana pamalo oyendapo anthu otchedwa Wimbledon Common ku London, mwana wake wa zaka 2 akuona. Dziko lonse linagwidwa ndi mkwiyo. Crimewatch UK itaonetsa chithunzi chojambulidwa potsatira zimene mboni zinafotokoza, anthu angapo anaimba foni n'kutchula dzina la mwamuna wina wa m'deralo, munthu wosakwatira, wosacheza ndi anthu, wokonda kuyenda yekha ndi galu wake. Dzina lake sindilitchula pano, linatchulidwa kale mokwanira. Apolisi anakhutira kuti apeza munthu wawo. Posowa umboni, anatuma wapolisi wamkazi kuti anamizire kumufuna chibwenzi, azimulembera makalata, ndi cholinga choti aulule. Sanaulule kanthu, chifukwa analibe choulula. Anakhala m'ndende miyezi 13 podikira mlandu, mpaka mu 1994 woweruza anakana umboni wopezeka mwachinyengowo, ndipo anamasulidwa. Koma bwalo likamasula munthu, m'misewu samumasula msanga. Kwa zaka zambiri nyuzipepala zina ndi anthu wamba ankamuonabe ngati wakupha amene anapulumuka mwamwayi.

Chomvetsa chisoni koposa n'chakuti pamene maso onse anali pa munthu wosalakwayo, wakupha weniweni, Robert Napper, ankayenda momasuka. Mu November 1993 anapha mayi wina ndi mwana wake wamkazi wa zaka 4 m'nyumba mwawo ku Plumstead. Zinatengera umboni wa DNA kuti choonadi chidziwike, ndipo mu December 2008 Napper anavomera kuti ndiye anapha Rachel Nickell. Chaka chomwecho boma linapereka chipepeso cha mapaundi 706,000 kwa munthu wonamiziridwa uja. Ndalama n'zambiri ndithu, koma zaka 16 zolozedwa chala sizigulidwa pamsika.

Ndikaonera chigawo chakale chonga chimenecho, ndimaganizira za anthu amene anaimba foni aja. Sindikhulupirira kuti anali oipa mtima. Anapemphedwa kuthandiza ndipo anathandiza. Vuto lili pa kusiyana kwa mawu awiri amene amamveka ngati ofanana: "ndinaona" ndi "ndikumuganizira". Mboni imanena zimene maso ake anaona, nthawi yake ndi malo ake, n'kulekera pomwepo. Woganizira amanena zimene mtima wake wakhala ukusunga za mnansi wake wachilendo, uja sapereka moni, uja sakwatira, uja amayenda usiku. Pulogalamu ya pakanema imaitana mboni, koma pafoni pamabwera onse awiri, ndipo wolandira foniyo sangawasiyanitse ndi mawu okha. Udindo wosefa unali wa apolisi, ndipo pa mlandu uwu analephera. Koma ndikuona kuti ena mwa udindowo umatsalabe ndi munthu amene wanyamula foni.

Anthu a ku Germany anaiona ngozi imeneyi kuyambira pachiyambi. Aktenzeichen XY itangoyamba, ena anaidzudzula kuti ikuphunzitsa anthu kunenerana, m'dziko limene zaka zochepa m'mbuyomo mawu a mnansi ankatha kupereka munthu m'manja mwa Gestapo. Mantha amenewa ife sitingawaseke. Amene anakula m'nthawi ya chipani chimodzi akudziwa kuti lipoti la munthu wansanje linkatha kutumiza mnzake ku Mikuyu kapena ku Dzeleka popanda kuimirira pabwalo la milandu. Kuuza aboma zimene ukudziwa kumakhala ukoma pokhapokha ngati kumene ukukanenako kuli anthu amene adzafufuza modekha, ndi bwalo limene lidzamvenso mbali ya wonenedwayo. Popanda zimenezo, mwangomupereka munthu kwa afisi.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya Jill Dando. Mayiyu anayamba kuulutsa Crimewatch UK mu 1995, ndipo anali mmodzi wa anthu okondedwa kwambiri pa kanema wa ku Britain. Pa 26 April 1999 anawomberedwa ndi mfuti pakhomo la nyumba yake ku Fulham, ali ndi zaka 37. Pulogalamu imene iye ankapempherapo anthu kuti athandize mabanja ena inayenera kusewera imfa yake yomwe. Mu 2001 mwamuna wina wa m'deralo, yemwenso anthu ankamuona ngati wachilendo m'makhalidwe, anapezeka wolakwa. Umboni waukulu unali kachidutswa kamodzi, kosaoneka ndi maso, ka zotsalira za wonga wa mfuti kamene kanapezeka m'thumba la chikhothi chake. Mu 2007 bwalo la apilo linathetsa chigamulocho, ndipo mu 2008 atazengedwanso mlandu anapezeka wosalakwa, atakhala m'ndende zaka 8. Mpaka lero amene anapha Jill Dando sanapezeke. Ngati mlandu wa munthu wodziwika chotere, umene dziko lonse linkautsatira, unathera pomanga munthu amene pambuyo pake bwalo linamumasula, ndiye kuti kuchuluka kwa maso sikutsimikiza kuti choonadi chaoneka. Mwinanso kuchuluka kwa masoko n'kumene kumafulumizitsa ofufuza, poopa kuoneka olephera. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Palinso nkhani ya mantha. Nick Ross ankakonda kutseka pulogalamu pokumbutsa oonera kuti milandu yoopsa chotere sichitikachitika, choncho asalote zoopsa, agone bwino. Mawuwo anali achifundo, koma akuulula kanthu. Munthu sungamuonetse mayi akutsatiridwa mumdima, ndi kamera ikuyenda pambuyo pake, kenako n'kumuuza kuti asaope. Opanga pulogalamu ankadziwa kuti kuti mboni imodzi ipezeke pafunika anthu miyandamiyanda oonera, ndipo anthu miyandamiyanda sakhala pansi chifukwa chofuna kuthandiza polisi kokha. Ambiri ankakopeka ndi nthumanzi yomwe ija imene imatisonkhanitsa pamsewu pakachitika ngozi. Motero pulogalamuyo inkadalira chilakolako chomwecho chimene tikanachita nacho manyazi. Ndingati unali mtengo umene mabanja oferedwa anavomera kulipira: tengani misozi yathu muionere, mwina mmodzi wa inu akumbukira kanthu.

Apa ndiye pamene funso la ife oonera a lero limakula. Mgwirizano umene uja unali ndi mbali ziwiri. A BBC anasiya kuulutsa Crimewatch yamadzulo mu 2017, itatha zaka 33. Ine ndikatsegula chigawo cha 1986, misozi ndikuiona, koma kumbali yanga palibe chimene ndikubweza. Sindinali ku London, sindinaone galimoto lofiira. Kodi pamenepa sindikufanana ndi munthu wopita pamaliro a mlendo kukadya nsima basi?

Ndalingalira nkhaniyi ndipo maganizo anga ndi awa. Kuonerako pakokha si tchimo, koma kaonedwe kake n'kamene kamatiweruza. Pamaliro timapita ngakhale womwalirayo sitinkamudziwa, ndipo sitingamuukitse. Chimene chimafunika ndi kakhalidwe kathu tikafika pasiwa. Woonera amene akukumbukira kuti wazisudzo uja akuimira munthu weniweni, amene anali ndi mayi ndi ana, amene abale ake mwina adakali moyo, ameneyo akuchita chinthu chofanana ndi kukhuza maliro. Koma woonera amene akusankha milandu ngati nyimbo, kufuna yoopsa koposa, kenako n'kulemba pansi pake dzina la munthu amene iye akumuganizira, ameneyo wasandutsa siwa kukhala bwalo la gule.

Ndiponso ife a lero tili ndi mwayi umene oonera a nthawi imeneyo analibe: timadziwa mathero. Timamuona wapolisi akulankhula motsimikiza za munthu amene akumufuna, pamene ife tikudziwa kuti akuyang'ana kolakwika. Timachiona chithunzi chojambulidwa chija, n'kudziwa moyo umene chinawononga. Palibe buku la nzeru limene linandiphunzitsa kudzichepetsa kuposa zigawo zakalezi. Anthu onsewo anali otsimikiza monga mmene ine ndimakhalira wotsimikiza ndikamva nkhani ya wakuba kumsika.

Phunziro limeneli likufunika lero kuposa kale, chifukwa ntchito imene inkagwiridwa ndi pulogalamu imodzi pamwezi, yokhala ndi akonzi, maloya ndi apolisi, tsopano ikugwiridwa ndi aliyense wokhala ndi foni. Chithunzi cha munthu chimazungulira pa WhatsApp ndi Facebook ndi mawu akuti ndi wakuba ana, ndipo pofika madzulo mudzi wonse wamuweruza kale. Mu 2017 mphekesera za anamapopa m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo zinaphetsa anthu amene sanaimirirepo pamaso pa woweruza aliyense. Ngati Crimewatch, ndi kusamala kwake konse, inathandizira kuloza chala munthu wosalakwa, kuli bwanji uthenga umene sitikudziwa n'komwe amene anauyambitsa?

Sindikunena kuti tikamva mfuu tizitseka zitseko. Mudzi umene anthu ake satuluka mnzawo akakuwa ndi mudzi wakufa, ndipo mayi uja anazindikira nkhope ya John List anachita bwino kuimba foni. Tituluke ndithu, tinene zimene tinaona kwa oyenera kuzimva, ndipo pamene maso athu analekezera, pakamwa pathunso palekezere pomwepo. Munthu amene akuthamanga mumdimayo mwina ndi wakuba, mwinanso ndi mnansi amene wamva mfuu yomweyo ndipo akuthamangira kukathandiza. Tisanakweze chibonga, timuunike kaye kumaso.