Gombeza Lopanda Ngongole

Pali ntchito ina yachifundo imene wothandiza ndi wothandizidwa saonana maso ndi maso. Munthu amagula wulu ndi ndalama zake, n'kukhala pampando madzulo ambirimbiri akuluka ndi kasingano kangowe, kuluka kuja Angerezi amati crochet. Bulangete likatha amalipereka kuti likafike kwa mwana amene sakumudziwa dzina ngakhale nkhope. Ambiri mwa ana olandirawo ndi aja khoti linawachotsa pakhomo pa makolo awo, kapena amene makolo awo anatisiya, n'kuwapereka kubanja lina kuti liwalere kwa kanthawi.

Ntchitoyi ili ndi mbiri yake. Ku America, Karen Loucks wa ku Denver anayambitsa Project Linus mu 1995 atawerenga nkhani ya kamtsikana kodwala khansa kamene kankapirira mankhwala owawa katagwira kabulangete kake. Dzinalo analitenga kwa Linus, kamnyamata ka m'zithunzi zoseketsa za Charles Schulz kamene sikasiyana ndi chofunda chake. Anayamba ndi ana a m'chipatala, koma lero mabulangetewo amafikanso kwa ana oleredwa ndi mabanja ena. Kuno kum'mwera kwa Africa, Knit-a-Square inayamba mu 2008. Anthu a m'mayiko osiyanasiyana amaluka tizidutswa ta makona anayi, masentimita 20 mbali iliyonse, n'kutitumiza ku Johannesburg, kumene amatisokerera pamodzi, 35 kupanga bulangete limodzi la mwana wamasiye kapena wovutika. Chakumapeto kwa 2013 kunabweranso 67 Blankets for Nelson Mandela Day, imene Carolyn Steyn anaiyamba Zelda la Grange, yemwe anali mlembi wa Mandela, atamupempha kuti aluke mabulangete 67.

Inenso ndimaluka, ndipo funso limene ndikufuna tiliyang'ane ndi ili: kodi bulangete lotere limachitira zabwino mwana, kapena limangofunditsa mtima wa wolukayo?

Otsutsa ali ndi mfundo zitatu, ndipo palibe imene ndi yachabechabe. Yoyamba ndi ya masamu. Wulu wokwana bulangete limodzi nthawi zambiri umadula kuposa bulangete la kufakitale limene lili m'sitolo, ndipo pamwamba pake pali maola onse aja. Ngati cholinga n'kuthamangitsa kuzizira, bwanji osatenga ndalamayo n'kugula awiri kapena atatu? M'zisakasa zamalata za ku Johannesburg, mu June ndi July, chisanu chimalowa mpaka m'mafupa, ndipo mwana wonjenjemera safunsa kuti analuka ndani. Pamenepa ndikuvomera kwathunthu. Pamene vuto ndi kuzizira, chofunika ndi kuchuluka ndi changu, ndipo wogula m'sitolo sanachepekedwe chifundo.

Yachiwiri ndi yolemera kuposa. Vuto la mwana woleredwa ndi ena lili m'makhoti ndi m'maofesi. Ku South Africa, pansi pa lamulo la ana la 2005, mwana amapita kubanja lomulera mwa chilolezo cha khoti la ana, chimene kawirikawiri chimafunika kuchiwonjezera pakatha zaka ziwiri, wogwira ntchito zosamalira anthu atalemba lipoti. Mliri wa Edzi utachulukitsa ana amasiye, agogo ndi azakhali ambirimbiri analowa m'dongosololi kuti azilandira ndalama ya boma yolerera ana, ndipo ogwira ntchito anachepa. Zilolezo zinayamba kutha nthawi popanda woziwonjezera, ndalama n'kuima pamakomo zikwizikwi. Mu 2011, bungwe la Centre for Child Law litakadandaula, khoti lalikulu ku Pretoria linalamula kuti zilolezo zothazo zitengedwe ngati zikugwirabe ntchito, ndipo lamulo losakhalitsali linakhala likuwonjezeredwa mobwerezabwereza kwa zaka zambiri. Palibe ulusi umene ungasoke dzenje limeneli.

Yachitatu imaloza ife oluka. Kuluka kumakoma. Kumatonthoza maganizo, kumasonkhanitsa anthu pa tiyi, ndipo pamapeto umamva kuti wachita kanthu. Mu April 2015 mabulangete olumikizana okwana masikweya mita oposa 3,000 anayalidwa pa Union Buildings ku Pretoria n'kulowa m'buku la Guinness, kenako n'kugawidwa kwa osowa. Zithunzi zake zinali zokongola ndithu. Koma wotsutsa amafunsa kuti pa chisangalalo chonsecho, gawo la mwana ndi lalikulu bwanji.

Kuti ndiyankhe, ndiyenera kuyamba ndafunsa chimene mwana wotereyu amasowa kwenikweni. Pakhomo pamene wapitapo zofunda zimakhalapo, mwina zabwino kuposa za kwawo. Chimene palibe ndi chinthu choti anene kuti "changa". Bedi ndi la eni nyumba, mbale ndi ya eni nyumba, malamulo ndi a eni nyumba, ndipo nawonso makolowo ndi obwereka. Zinthu zikavuta amasamutsidwa, nthawi zina tsiku lomwelo, n'kukayambiranso kuphunzira kuti muno sopo amakhala pati, nanga bambo a muno amapsa mtima ndi chiyani. Ku America ndi ku Britain kwakhala dandaulo lakalekale loti ana ambiri amasamuka katundu wawo ali m'matumba akuda otayiramo zinyalala. Rob Scheer, amene iye mwini anakula akunyamula thumba lotere, anayambitsa Comfort Cases mu 2013 kuti ana azilandira chikwama chenicheni, ndipo m'chikwamamo mumakhala bulangete. Mwana amene zovala zake zimayenda m'thumba la zinyalala amaphunzirapo kanthu za mtengo wake, ngakhale wina asamuuze ndi pakamwa.

Anthu ophunzira anayesapo kufotokoza chifukwa chake nsalu imagwira mtima wa mwana chotero. Donald Winnicott, dokotala wa ana wa ku Britain, analemba mu 1953 za kansalu kapena kachidole kamene khanda limakakamira likayamba kuzindikira kuti mayi ake ndi munthu wina, amene amatha kuchoka. Kansaluko kamaima pakati pa mwana ndi mayi, ndipo fungo lake ndi lofunika moti kukachapa kumabutsa mkangano. Ife sitidabwa nazo, poti timadziwa momwe mwana amatontholera akangofunditsidwa mbereko imene ankaberekedwera. Zaka za m'ma 1950 zomwezo, Harry Harlow wa pa yunivesite ya Wisconsin analekanitsa tiana ta anyani ndi amayi awo n'kutipatsa amayi awiri opanga, wina wawaya wokhala ndi botolo la mkaka, wina wokutidwa ndi nsalu yofewa. Tianato tinkapita kwa wawaya kukayamwa basi, koma tsiku lonse tinkakangamira wansalu, ndipo tikachita mantha tinkathawira kwa iye.

Oluka timakonda nkhani ya Harlow, koma tiyenera kuimva mpaka kumapeto. Anyani amene analeredwa ndi nsalu yokha anakula osokonezeka, olephera kukhala bwino ndi anzawo. Nsalu inawatonthoza, koma sinawalere. Nakonso kansalu ka Winnicott kamasankhidwa ndi mwana mwini, ndipo mphamvu yake imachokera kwa mayi amene amachoka n'kubweranso. Sindingalamule kuti bulangete langa likhale chinthu chotero. Mwana wina adzalikumbatira zaka khumi, wina adzaliponya pakona tsiku loyamba, ndipo onsewo ali ndi ufulu wotero. Chimene ndingachite n'kuika m'manja mwake chinthu choyenera kusankhidwa.

Apa ndi pamene choluka ndi manja chimasiyana ndi cha m'sitolo. Mabulangete a kufakitale amafanana ngati mapasa, ndipo akaunjikidwa m'nyumba yosungira ana amasanduka katundu wa nyumbayo, lero kwa uyu mawa kwa uyo. Loluka ndi kangowe silikhala ndi linzake. Pali pamene dzanja linamangitsa ulusi, pamene wulu wobiriwira unatha n'kulowa wachikasu, ndipo mwana amalizindikira ali patali pa chingwe choyanikira. Kadutswa kamodzi ka masentimita 20 kamanditengera pafupifupi ola, choncho bulangete lonse ndi sabata yathunthu ya ntchito itamwazikana m'madzulo a miyezi iwiri. Maola amenewa, amene wamasamu uja amawaona ngati otayika, ndiwo mphatsoyo. Mwana woleredwa ndi ena amakhala ngati ali pa mayeso osatha, podziwa kuti akalakwa kwambiri akhoza kubwezedwa. Bulangeteli limamufika asanachite chabwino chilichonse, ndipo salandidwa akachita choipa. Zinthu zotere m'moyo mwake ndi zowerengeka.

Komabe mphatso ili ndi mbali ina imene makolo athu anaiona kale pamene anati kupatsa n'kuika. Wopatsa amayembekeza kuti tsiku lina zidzabwerera. Marcel Mauss, Mfalansa wofufuza za chikhalidwe cha anthu, anasonyeza mu 1925 kuti m'mitundu yambiri mphatso imamanga wolandira ndi chingwe cha ngongole. Pakati pa anthu ofanana mphamvu, chingwe chimenechi ndicho chibale, ndipo n'chabwino. Koma kwa mwana amene alibe choti abweze, chimasanduka goli. Tonse tinamvapo mwana wamasiye akukumbutsidwa pa nsima kuti "pakanapanda ine ukanakhala kuti", ndipo tikudziwa kuti ana ambiri otere amalipira ndi kutunga madzi, kulera ana a m'nyumbamo, ndi kukhala chete. Ngakhale mwambi wathu wokoma uja, woti mwana wa mnzako ngwako yemwe, umatha ndi mawu oti ukachenjera manja udya naye. Phindu la wolera lili momwemo.

Gombeza lochokera kwa mlendo wosadziwika lilibe ngongole, chifukwa palibe khomo limene mwana angakagogode kukathokoza. Maimonides, mphunzitsi wachiyuda amene anamwalira ku Egypt mu 1204, anasanja kupatsa m'makwerero asanu ndi atatu, ndipo pafupi ndi pamwamba penipeni anaika kupatsa kumene wopatsa ndi wolandira sadziwana. Kusaonana kuja, kumene ena amakuyesa kuzizira kwa ntchitoyi, ndiko ulemu wake. N'chifukwa chake ndimakana mwambo woimika ana pamzere atanyamula mabulangete kuti ajambulidwe, chithunzi n'kupita pa Facebook. Pamenepo mwana walipira ndi nkhope yake, ndipo anzake a kusukulu adziwa zimene iye ankabisa. Lamulo la ana la ku South Africa limaletsa kufalitsa popanda chilolezo cha khoti chilichonse choulula mwana amene nkhani yake ili m'khoti la ana, koma sitifunika kudikira lamulo kuti tidziwe manyazi. Tijambule mabulangete ali pa tebulo, ana tiwasiye.

Ngati mphatsoyo ndi ya mwana, pali zinthu zimene zimatsatira pa kalukidwe komwe. Wulu ukhale wochapika m'madzi wamba popanda kufota, chifukwa mayi wolera ana anayi alibe nthawi yosamala chinthu chanyonga. Nsonga za ulusi zibisidwe molimba kuti lisasomphoke pakatha mwezi. Tisaluke timabulangete ta makanda tokhatokha chifukwa choti timatha msanga ndipo timakoma m'maso, pamene mnyamata wa zaka 15, amene mabanja ambiri safuna kumutenga, akufunika lalitali lofika kumapazi, la mitundu yoti asachite nalo manyazi. Pamene zingatheke, mwana asankhe yekha pa mulu, poti pa zinthu zikuluzikulu za moyo wake sanafunsidwepo. Ndipo wolera aliyense amve kuti bulangetelo limasamuka ndi mwana. Muyeso wake ndi wapafupi: chimene sindingafunditse mwana wobala ndekha sindingachitumize kwa mwana wa wina n'kuchitcha chifundo.

Tsono otsutsa aja ndiwayankha bwanji? Wamasamu ndamuvomera pa nkhani ya chisanu, ndamukana pa nkhani ya umwini. Woloza chisangalalo cha oluka ndimamuuza kuti kukondwa pochita zabwino si tchimo, ndipo ntchito imene imakoma ndiyo anthu amapitiriza zaka zambiri. Choipa chimayamba pamene kukondwako kwatigonetsa tulo. Wachiwiri uja, woloza makhoti ndi maofesi, sindingamugonjetse, ndipo sindikufuna kutero. Pa makwerero a Maimonides, pamwamba pa kupatsa mobisa pali kuthandiza munthu kuti aime payekha. Kwa mwana, kuima payekha ndi kukhala ndi banja limene silidzamubweza, sukulu yosadukizadukiza, ndi wina womulandira akakwana zaka 18 dongosolo n'kumutulutsa. Pamene South Africa inayamba mu 2022 kuwonjezera ndalama pa thandizo la ana amasiye okhala ndi achibale, kuti agogo asamadikire khoti, zinatheka chifukwa anthu anakhala zaka akulemba, akudandaula ndi kukokera boma kumilandu. Ntchito imeneyo ilibe mitundu yowala, ndipo gulu la oluka limene limasonkhana sabata ndi sabata lili ndi manja okwanira kuigwirako.

Kwa ine, bulangete ndi labwino malinga ngati wolukayo akudziwa kukula kwake. Limapatsa mwana chinthu chimodzi chosabwereka, chopanda ngongole, chimene adzapite nacho pakhomo lililonse limene adzatumizidwe. Zimenezo ndi zenizeni, ndipo n'zokwanira kuti munthu agulire wulu. Koma amene wakhala maola makumi atatu akuganizira mwana wosamudziwa sangathenso kunena kuti za ana otere sizikumukhudza. Akamaliza kubisa nsonga yomaliza, afunse kumene akupereka bulangetelo kuti mwanayo wasamuka kangati, fayilo yake yaima pati, nanga agogo amene akumulera mumsewu womwewo akusowa chiyani mwezi uno.